Khitchini ya Katerina m'Boti la Mpunga

Poto anagubuduzikanso, madzi n'kuzimitsa makala onse, ndipo amuna awiri amene ankagwedeza botilo anaseka mpaka kugwira nthiti. Katerina sanaseke. Anatola potoyo n'kumutembenuza, ngati angamuuze chimene akuthawira.

Botilo linali la mwamuna wake, Alufeyo, mmisiri wa matabwa wa ku Mtakataka. Analikhoma kuti lizinyamula mpunga wa ku Bwanje kupita tsidya lina la nyanja, ulendo wodalira thanga ndi mphepo, wogona m'njira. Tsopano linali pamadzi osaya, likudikira katundu. Katerina anabadwira pafupi ndi nyanja yomweyo koma anali asanawolokepo, ndipo mtima unkamuyabwa kuti akaone anthu a kuseri kwa mapiri otuwawo, zimene amadya ndi mmene amalankhulira. Alufeyo anali atanenetsa kuti m'boti mulibe malo a munthu wongokaona dziko. Katerina akapeza njira yophikira osawotcha boti apita nawo, apo ayi iye ndi mng'ono wake Tobias azingotafuna chinangwa.

Anayamba ndi mafuwa, monga mkazi aliyense akanayambira, koma atangogwedeza boti miyala ija inamwazikana, wina n'kukaphwanya Tobias chala cha kuphazi. Kenako anakhomera mbaula pathabwa. Mbaula inakhazikika ndithu, koma poto ndiye ankanyamuka.

"Alamu, moto ndi madzi sizinakwatiranepo," anatero Tobias akudumphira phazi limodzi.

Katerina anamusiya azilongolola. Chinamugwira mtima n'chakuti poto akapendekeka, madzi a m'katimo ankakana kupendekeka naye. Funso limeneli anayenda nalo mpaka ku Golomoti, kumene anapita kukagula mpunga wa ulendowo. Wogulitsa anali atapachika sikelo panthambi ya mango. Mphepo inkaweramitsa nthambiyo uku ndi uku, koma thumba lolendewera linkangoloza pansi. Anaima n'kumangoyang'anitsitsa mpaka wogulitsa anamufunsa ngati akumuganizira kuti akuba.

Pobwerera anagula unyolo wa galu. Anauza Alufeyo kuti akhome mtanda kumbuyo kwa boti, kutali ndi thanga, ndipo ndi unyolowo anapachikapo beseni lachitsulo lodzaza mchenga, mbaula n'kuikwirira m'menemo mpaka m'chiuno. Poto anamuzinga ndi waya, chivundikiro n'kuchimanga ndi mphira ya chubu ya njinga. Pansi anayala lata, kuti khala likathothoka lisakhudze thabwa. Mchere, mafuta ndi machesi anaika m'mabotolo, lililonse m'kabowo kake.

Amuna aja anagwedeza boti mpaka thukuta kamukamu. Beseni linkangoyenda pang'onopang'ono, poto ali phee. Katerina anawiritsa mbatata, anakazinga usipa, osataya ngakhale dontho. Anakondwa zedi, moti anayamba kuganiza za chitenje chimene akavale potsika tsidya lija.

Alufeyo anadya, ananyambita zala, n'kuyamikira kuti chinthucho n'chosavuta, ngakhale mwana akhoza kuphikapo. Kenako, maso ali pa matumba a mpunga amene anali pamchenga, anawonjeza kuti ngati zili choncho Tobias aziphika, malo a munthu wachitatu alowepo thumba lina.

Katerina zinamuwawa. Nzeru zake zomwe zinali zitamutsitsa m'boti. Anatsuka poto, anapukuta chipande, n'kuchitambasulira kwa mlamu wake ndi manja awiri.

"Landirani, alamu. Moto ndayatsapo kale ine, ndiye mukudziwa mwini khitchini. Koma achimwene anu alamula."

Tobias anabweza manja kumbuyo ngati amuonetsa njoka. Kwawoko mwamuna savundukula miphika ya mkazi wa mbale wake mwiniwake akuyenda ndi miyendo iwiri.

"Achimwene, mukufuna anthu padoko azifunsa kuti maliro a alamu anachitika liti? Kapena azinena kuti mwawasudzula? Ine ayi. Bola chinangwa."

Alufeyo anayang'ana mng'ono wake, anayang'ana beseni lija likulendewera bwinobwino pamtanda umene anakhoma yekha, n'kukanda m'mutu. Chinangwa chachiwisi ankachidziwa mmene chimatopetsera nsagwada.

Tsiku lonyamuka, thumba limodzi la mpunga linabwerera kunyumba panjinga. Pamalo pake panakhala Katerina, chipande chili pamiyendo, maso ali tsidya.