Nkhadze za Abson

Yoramu anaponya mtolowo pakati pa bwalo, pomwe tsitsi la ometa maliro linali lisanasesedwe. Zinali nthambi za nkhadze, zodulidwa bwino ndi mpeni, utomoni wake woyera utauma kumapeto.

"Alamu, izi nazipeza pansi pa nkhokwe yanu. Zifuna chani pa nyumba ya munthu wamene anafa akusanza?"

Nelesi, mkazi wa malemu Abson, anamva mutu wake wometedwawo ukuzizira. Ndi mwana yemwe amadziwa kuti utomoni wa nkhadze ndi chiphe. Yoramu, mng'ono wa malemu, anali atabwera kuchokera ku Fort Jameson ndi maso ofufuza kale, ndipo tsopano anali atapeza chogwira. Ananena poyera kuti sasudzula mlamu wakeyo, nkhani ipita kubwalo la mfumu, ndipo munda ndi nyumba aziiwale.

Chowawa n'chakuti Nelesi nayenso mtolowo sankaudziwa, koma anali ndi womuganizira. Abson anagwira ntchito yotsuka mabala pachipatala cha mishoni mpaka pamene chinasamukira kufupi ndi msewu waukulu. Nyumba yakale ya chipatalacho ankaisandutsa koleji ya aphunzitsi. Ntchito yake inatha, koma bamboyo ankalawirirabe komweko, n'kubwerako mawondo ali katondo yekhayekha. Ukamufunsa, yankho linali kutsokomola. Ndipo kumeneko kunali Dainess, wophikira amisiri, mkazi wosakwatiwa woseka ndi aliyense. Nelesi anasunga dzinali mumtima miyezi yonseyo ngati munga m'phazi, ndipo tsiku limeneli analitchula.

Anapita awiri kwa Dainess, Yoramu patsogolo ndi mtolo wake. Pachipatala chakale mabedi achitsulo anali ataunjikidwa panja. M'chipinda chimene munkagona odwala chifuwa, mmisiri ankapaka utoto wakuda pakhoma kuti pakhale bolodi. Njereza inali paliponse, koma fungo la mankhwala linakana kusamuka.

Dainess anamvetsera mlandu wonse akupukuta manja pachitenje. Sanakwiye, ndipo zimenezi zinamukwiyitsa kwambiri Nelesi.

"Ba Abson? Ngakhale madzi akumwa sanapempheko kwa ine. Bwelani muone mkazi wamene anali kubwelela."

Anawatsogolera kuseri, kudutsa milu ya njerwa, mpaka pathengo lolambulidwa. Pamenepo panali mizere ya nkhadze zongobzala kumene, iliyonse kumutu kwa kamtumbira kophwa, kosaoneka ngati sunauzidwe.

Dainess anafotokoza kuti awa anali anthu apaulendo, ochokera kum'mawa kupita kumigodi, amene matenda anawagwetsa panjira n'kufera m'chipatalamo opanda mbale. Kwa zaka zambiri Abson ndiye ankawasambitsa ndi kuwaika. Mitanda yawo chiswe chinadya kalekale. Kapitawo wa amisiri atanena kuti malowo awasalaza likhale bwalo la mpira la ophunzira, Abson anakamuuza kuti pali manda. Kapitawo anati iye akuona udzu basi. Pamene padzaoneke chizindikiro adzapasiya, popanda chizindikiro khasu lidzadutsa.

"Ndiye anayamba kubyala, mmodzi mmodzi, akuchula maina. Anali kudwala kale, asanza, apumula, apitiliza. Ananipempha kuti nisakuuzeni, amai. Anati muzamuletsa, olo anthu azakamba kuti aseŵela na manda."

Yoramu anafunsabe, mawu atatsika, kuti adziwa bwanji kuti mtolo uwu unali wa pano. Dainess anangoloza kumapeto kwa mzere. Kumeneko kunali timaenje tokumbakumba kale, topanda kanthu, tikudikira.

Palibe amene anapepesa mnzake. Yoramu anayang'ana mtolo uja nthawi yaitali, kenako anagwada, namasula luzi. Anatenga nthambi imodzi n'kupatsira Nelesi ndi manja awiri.

"Alamu, yambani ndimwe. Mawa tizamaliza zokusudzulani."

Nelesi anagwada pafupi ndi nkhadze yomaliza imene mwamuna wake anabzala. Dothi lozungulira tsindelo linali litathiriridwa, kutsenderedwa, n'kuuma, ndipo pamwamba pake panatsala chidindo cha dzanja, zala zotambasuka monga ankachitira posalaza bulangeti la wodwala.

Anaika dzanja lake m'menemo. Linali laling'ono, silinadzaze. Kenako anasendera pa dzenje lotsatira.