Tikiti ya M'thumba la Buluku

Loya anavula magalasi n'kuyang'anitsitsa kapepala kofumbatika, kotuwa, kamene kanali patebulo.

"Mayi, tikiti ija ndi imeneyi?"

Mayi aja, ochapira anthu zovala, anangogwedeza mutu. Mwana wawo anali m'chitokosi, akuti anabaya mlonda wa sitolo Lachiwiri masana. Iye ankalumbira kuti nthawiyo anali m'basi, kokafuna ntchito kutali, ndipo anagona mpaka kondakitala anachita kumugwedeza. Tikiti anaisiya m'buluku. Bulukulo mayi ake analiviika m'sopo Lachitatu m'mawa.

"Zaka makumi atatu sindinaviikepo chovala cha munthu ndisanapise m'thumba," anatero mayiwo. "Koma la mwana wanga, ine!"

"Mayi a mwana, madzi akatayika saoleka," anatero amuna awo, ometa anthu tsitsi.

"Inu musandiuze za madzi!"

Loya anati mlandu ulowa pakatha masiku asanu ndi anayi, ndipo popanda mboni mnyamatayo akakalambira kundende.

Atafika kunyumba, mayi anakatambasula kapepalako pakati pa mipango iwiri n'kukasita. Nthunzi inakwera pang'onopang'ono. M'nthunzimo ankaona basi ikuyenda yopanda phokoso, mwana wawo atatsamira zenera, kukamwa yasaa, monga ankagonera ali kumsana. Anamuitana, koma basi sinaime. Mtima unawapweteka kwambiri.

Atachotsa mpango, zilembo zonse zinali zitafufutika. Panangotsala kadontho ka inki yobiriwira. Mayi anati akafunefune kondakitala amene analemba tikitiyo.

"Makondakitala ndi ambirimbiri, iwe," anatero bambo. "Tikawafunsa mmodzimmodzi, ndevu zanga zifika m'mawondo."

"Mukazimeta, si ntchito yanu? Bolopeni yodontha inki chonchi siisiya thumba loyera. Ndawachapa malaya otere ine."

Bambo anatseka malo awo ometera. M'mawa uliwonse awiriwa ankaima pa depoti, mabasi akusambira m'fumbi ndi dzuwa. Bambo ankafunsa mafunso. Mayi sankayang'ana nkhope ya munthu, ankayang'ana pachifuwa basi. Anthu ankati mayiwa mutu suli bwino.

Tsiku lachisanu ndi chitatu, kondakitala wina wadazi anatsika akuyasamula. Pansi pa thumba la malaya ake panali banga lobiriwira.

Mayi anamugwira malayawo ndi manja onse awiri.

"Lachiwiri lijali, munadzutsa mnyamata wogona?"

"Wamkonono uja? Ndingamuiwale? Koma mayi, tandisiyani, mundithothola mabatani!"

"Ndidzakusokerani," anatero mayi akulira. "Koma achimwene, chonde, malaya awa musawachape."