Pamene a Goodwell Ankaimitsira Kanema

"Iyo musaike m'katoni, bambo aang'ono," anatero Tawina, akutenga DVD m'manja mwa a Ernest.

A Ernest anali atabwera ku Takoma Park, ku America, kuchokera ku Blantyre kudzatenga thupi la mkulu wawo, a Goodwell. Chifikireni ankangolongedza katundu wa malemuwo, osalankhula zambiri.

"Ya Chifalansa? Achimwene ankamvapo chiyani?"

"Olo liwu limodzi," anayankha a Esnat, mkazi wa malemuwo. "Anawapatsa ndi gogo wina wachizungu amene ankamusamalira ku Falls Church. Ankaionera Lamulungu lililonse tikabwera kutchalitchi."

"Nthawi ya kanema anali nayo," anatero a Ernest. "Koma pobwera kuno sanatsanzike ngakhale amayi. Tinangodzuka n'kupeza chipinda chili mbee. Amayi anamwalira akudandaulabe. Lero ndine woti ndikafotokozere abale kuti anali munthu wabwino."

 A Esnat anauza Tawina kuti aike kanemayo.

Inali yakalekale, yopanda mitundu. Mkazi wina ankasoka batani pa jekete la mwamuna wake amene anali pa ulendo. Ankasoka mosafulumira, ndipo kamera sinachoke pa zala zake. Atamaliza anadula ulusi ndi mano, n'kuyamba kulimbitsa batani lina lomwe linali lolimba kale.

"Akuchedwetsa dala," anatero a Ernest motsitsa mawu. Anali atakhala pansi, tepi yomatira makatoni ili pa bondo.

"Dad ankati Afalansa awa amajambula zimene pakamwa pakanika," anatero Tawina.

Anaonera mpaka awiriwo anafika pa siteshoni. Sitima italira, mwamunayo ananyamula sutikesi, mkaziyo n'kumugwira mkono. Pomwepo a Esnat anaimitsa kanemayo.

"Yathera apa?" anafunsa a Ernest.

"Ayi, ikupitirira," anayankha a Esnat. "Koma iwo ankaimitsa pano, n'kupita kukatereka tiyi. Zaka zonsezi mapeto ake sanawaonepo. Ngakhale ine popita ku shifiti, ndikati nditsanzike, ankathawira kubafa."

A Esnat anaika rimoti patebulo n'kulowa kukhitchini.

A Ernest anaitola. Anayang'ana anthu awiri aja ataima chigwiranire pa siteshoni, chala chili pa batani la rimotiyo. Kenako anaibwezera patebulo.

"Alamu," anaitana, "ine shuga pang'ono."