Dzenje la ku Shimabala

Tsiku lotsegula matenda, mapepala opikisanirana ntchito yokonza msewu wa ku Shimabala, amuna anga a Cephas adabwera ndi nkhuku ziwiri. Lamulo la matenda n'losavuta: aliyense amalemba mtengo wake, n'kuponya envulopu yomata m'bokosi, ndipo wotchipitsitsa ndiye amatenga ntchito. A Cephas adatchipitsa kuposa onse, ngakhale a Gordon, mwini matipa khumi, malole onyamula dothi ndi miyala. Ife tinali ndi tipa imodzi, yolembedwa dzina langa pachitseko, ndipo ndiyo tidapereka chikole kubanki kuti ntchito iyambe.

Nzeru yawo inali pa gelevulo. Anzawo adawerengera zokamutenga kutali, iwo adapeza dzenje pafupi ndi msewu, m'munda mwa a Fackson, mlimi wa kabichi. Adangogwirana chanza pansi pa mango.

"Simunalembesane?" ndidafunsa.

"Iwe Molly, ba Fackson ni ba dikoni. Pepala ni ya chani?"

Ndidangopitiriza kusosola nkhuku.

Atasaina kontirakiti, adapita kukayamba kukumba. Adapeza waya ndi mlonda. A Gordon, ataluza tenda, adakagula munda wonsewo, kabichi ndi dzenje lomwe. A Fackson sadabisale n'komwe.

"Bana bafuna sukulu, ba Cephas," adatero. "Manje ningachite bwanji?"

A Cephas adakapempha kuofesi kuti mtengo ukwere. Injiniya adawayankha mwaulemu kuti mtengo adalemba okha, ndipo susintha. Gelevulo adayamba kuchokera kutsidya kwa mtsinje wa Kafue, dizilo n'kumadya zonse. Msewu udaima pakati, ntchito idalandidwa n'kupatsidwa wachiwiri pa kutchipa, amene anali a Gordon. Banki itagulitsa tipa, wogula anali a Gordon omwewo.

Ndinkayembekeza kuti ndikwiya kapena ndilira, koma palibe chidabwera. A Cephas nawonso ziii, paja fisi akagwa m'mbuna salankhula. Tinkadya, kuzimitsa magetsi, kugona.

Anthu kwathu ku Nangongwe amati a Gordon ndi a mtima wabwino, chifukwa adawalemba a Cephas udalaivala. Tipa yake ndi yomweyo, dzenje lomwelo, msewu womwewo. Ine ndimagulitsa zitumbuwa pamphambano. A Cephas akamadutsa ndimaona chitseko chija. Penti adapaka yopyapyala, dzina langa likuonekabe pansi pake. Kale ankaliza huta kawiri. Masiku ano amangoyang'ana kutsogolo, inenso ndimatembenuza zitumbuwa.