Chithunzi cha M'chifuwa cha a Lackson

A Lackson anabwera kuchokera ku Joni ndi chifuwa chosatha komanso mantha. Mgodi unawagumukira, nakhala masiku awiri pansi pa nthaka, ndipo kuyambira pamenepo sankagona m'nyumba yotseka chitseko. Ngakhale chimbudzi chawo chinalibe denga. Anthu a pa Nkando ankawaseka, koma kuseka n'kosavuta ngati sunakwiriridwepo wamoyo.

Atayamba kutsokomola magazi, adokotala anati sangawapatse mankhwala a chifuwa chachikulu asanaone chithunzi cha m'chifuwamo. Makina a ekisileyi ankabwera pagalimoto kamodzi pa miyezi itatu, ndipo galimotoyo inali bokosi lachitsulo lopanda windo.

Tsiku lake litakwana, mkazi wawo Dainess anawaperekeza kuchipatala. Anaonetsa makadi a chipani pageti, nakhala pamzere mpaka dzuwa litafika paliwombo. Pamakwerero a galimoto a Lackson anasuzumira mkati, n'kuima pomwepo, thukuta lili kamukamu. Dainess anachonderera wojambula, a Hudson, kuti asiye chitseko chotsegula. Iwo anati lamulo silola, cheza cha makinawo chimavulaza anthu. Dainess anapempha tsono kuti alowe nawo akawagwire dzanja. A Hudson anavomera, koma anayamba afunsa zomwe ankafunsa mkazi aliyense.

"Mayi, simuli oyembekezera?"

Kwathu kuno mimba sailengeza. Imaonekera yokha, poopa anthu a mitima yoipa. Dainess anali atapita padera kawiri, choncho ulendo uno sanauze ngakhale mwamuna wake. Mzere wonse unatchera khutu. Dainess akanatha kunama, koma anaopera kamwanako. Anangozolika, ndipo aliyense anadziwa.

"Zoona, Dainess?" anafunsa a Lackson motsitsa mawu.

"Miyezi itatu, bambo."

A Lackson anavula malaya, nampatsa mkaziyo, nakwera okha. Chitseko chinatsekedwa. Dainess anatsala panja atakumbatira malayawo, wopanda chochita, akumva a Hudson mkatimo akuti kokani mpweya, musapume, musagwedezeke. Kuuza munthu ngati ameneyo kuti asapume! Chisoni chinamugwira, nalira anthu akuona. Patapita kanthawi mwamuna wake anatuluka ali njenjenje, koma akumwetulira ngati mwana amene wakhoza mayeso.

Anadikira pansi pa mtengo wa mango mpaka mzere unatha. A Hudson anabwera ndi chithunzicho, nachilozetsa kudzuwa, napukusa mutu. Nthiti sizinkaoneka bwino, munthuyo anali atanjenjemera kwambiri. Mafilimu nawo anali atatha.

"Pepani, bambo. Tibweranso mu Okutobala, mudzayesenso."

A Lackson anathokoza mwaulemu, navala malaya awo mophonya mabatani. Panjira yobwerera ankaima pafupipafupi kuti apume. Dainess anali kumbuyo, akuwerenga miyezi pazala: Okutobala wa galimoto, kenako Januwale wa mwana. Sanadziwe ngati mwamuna wake afika ngakhale woyambawo.