Moto Wako Watsala Theka

Najma anafika ku Troyeville kutada kale. Magetsi anali atathima dera lonse. Majidu, dalaivala wa kwawo ku Mangochi yemwe anakamutenga ku Park Station, anaimitsa galimoto pafupi ndi nyumba yosanja, n'kuloza m'mwamba.

"Pamwamba penipeni, chitseko chomaliza. Amuna anu ali momwemo. Ine sindikwera nawo, kuno galimoto sitiisiya yokha."

Najma anakwera masitepe, chikwama pamutu, tochi ya foni kumanja. M'khonde munkanunkha palafini ndi anyezi. Joni ankamukamba uja ndi ameneyu? Mdima ngati kwa Makanjira.

A Swaleh anachoka kumudzi maso ali bwinobwino, kukagwira ntchito mufakitale ku Kya Sand. Shuga ndiye anawalanda maso, pang'onopang'ono, mpaka mdima bii. Najma anasiya mwana wawo Ilham kwa mayi ake, nakwera basi ndi mawu amodzi mumtima: ndikukakhala maso awo.

Atakweza dzanja kuti agogode, anamva mawu a amuna ake mkati.

"Rozina, batire."

Mkazi anayankha. Mawu ofewa, aulesi, ngati wangodzuka kumene.

"Swaleh, moto wako watsala theka."

Swaleh! Dzina lenilenilo, lopanda ndi "a" yemwe. Ndiye wako! Chikwatiwire, Najma sanawatchulepo dzina amuna ake. Pagulu anali "inu". Kuchipinda anali "inu". Nanga ndani uyu wa "iwe" mumdima?

Sanagogodenso. Anakankha chitseko ndi phazi.

"Ali kuti?"

"Mayi a Ilham! Mwafika? Majidu amati basi yachedwa pa Beitbridge." A Swaleh anaimirira, manja patsogolo. "Salamu mwaisiya pa boda?"

"Ndati ali kuti?"

Tochi inayenda chipinda chonse. Kuseri kwa katani, palibe. Kunsi kwa bedi, sutikesi ndi nsapato. M'wadulopu, malaya a bambo okhaokha. Pazenera panali zitsulo, moti ngakhale mphaka sakanatulukirapo.

A Swaleh anayamba kuseka. Kuseka kwawo kwakale komwe kuja, kogwedeza mapewa. Anapapasa patebulo, nagwira laputopu yomwe inali yotsekula koma galasi lake lakuda.

"Nayu, m'patseni moni. Rozina, batire."

"Swaleh, moto wako watsala theka."

Najma anatula chikwama, nakhala pabedi.

A Swaleh anam'fotokozera. Kale ankangoyang'ana pakona n'kuona batire. Atachita khungu, laputopu inkawathimira ali pakati pa ntchito, osachenjeza. Mawu achizungu omwe amawawerengera zolembedwa analipo, koma za moto ankaiwala kufunsa, mabatani ake ambiri. Ndiye Rozina anawakonzera zoti azingofunsa pakamwa.

"Rozina wake uti?"

"Wa pashopu pansipa. Amakonza mafoni ndi makompyuta."

"Ndiye ndi munthu."

"Munthu, ee. Mawuwa anajambula ndi ake. Anakhala pano Lamulungu lonse kuwerenga manambala, kuyambira wanu mpaka handiredi."

Pano. Lamulungu lonse. Najma anayang'ana chipindacho: mpando umodzi, bedi limodzi. Wina pampando. Nanga winayo?

"Mawa ndi tsiku lalikulu, mayi a Ilham. Kampani ina yonyamula katundu ku Randburg ikufuna woyankha mafoni wodziwa Chichewa. Akandiyesa pa laputopu yanga yomweyi, poti zawo sizilankhula. Batire ndi lokalamba. Likapanda kudzaza usiku uno, ntchito yapita."

Asanayankhe, chitseko chinatsekuka chosagogoda.

"Swaleh, ndakubweretsera moto! Eish, masitepe awa adzandipha."

Mawu omwe aja, koma tsopano ali ndi miyendo. Najma anamuunika kumaso, osachita manyazi. Mtsikana wamtali, khosi lalitali, mpango wachikasu kumutu, jinzi, kabokosi ka magetsi m'manja. Pakati pa mano panali kampata kaja amuna amakaimbira nyimbo.

"Hawu! Iwe ndiwe Najma? Wafika, sisi! Wayenda njani? Uyu amakukamba every day, mpaka makutu anga anatopa."

"Tayenda bwino. Kaya inu?" Najma anatsindika "inu" uja ngati akukhoma msomali.

Rozina sanamve kanthu. Anaika kabokosi pansi pa tebulo, nalumikiza chaja. Laputopu inalankhula ndi mawu ake: "Swaleh, moto ukulowa." Iye anaiyankha, "Sharp, Rozina," naseka yekha. Kenako anatsekula kabati, natulutsa makapu atatu. Sanafufuze. Anatulutsanso kandulo kuseri kwa chitini cha tiyi, nayatsa.

"Iyi ndimasungira ineyo. Uyu kandulo alibe nayo ntchito."

Foni yake inalira. Anaipana ndi phewa uku akutsira tiyi wa m'fulasiki.

"Yebo, baba. Iwe, wamwa mapilisi ako? Usandinamize. Imwa, ndikubwera."

Anadula, natembenukira kwa Najma. "Baba wanga. Anabwera kumigodi kalekale, kwawo ku Machinga. Ine sindinafikeko. Chichewa changa ndi cha m'khitchini, sisi, uzindikonza."

Ndiye "iwe" wake ndi wa aliyense. Ngakhale bambo omubala, nkhalamba ya kumigodi, kwa iye ndi "iwe". Izi zikanamutonthoza Najma. Sizinamutonthoze. Pakamwa munthu atha kulakwitsa. Koma dzanja lija silinalakwitse pomwe pamakhala makapu.

"Mawa ndikutenga m'mamawa, Swaleh. Ovololo ya kufakitale ayi, uvale malaya a buluu aja." Rozina anatuluka, fungo la mafuta ake n'kutsala.

Anadya buledi ndi usipa wokazinga womwe Najma anabwera nawo. A Swaleh anafunsa za Ilham, za mvula, za denga la nyumba. Najma ankayankha mawu amodziamodzi. Kenako a Swaleh anapukuta m'manja, nafunsa motsitsa.

"Kodi, mayi a Ilham. Rozinayu amaoneka bwanji? Ine ndimangomumva mawu."

Nayi ntchito Najma anabwerera ija, yoyamba yeniyeni.

"Ndi wamkulu ndithu. Nkhope ya chibambo. Mano ena palibe."

"Oho."

Anatenga ndodo yawo yoyera, natuluka kukasamba m'manja ndi kumaso pokonzekera pemphero la swala.

Najma anatsala ndi laputopu. Kanyali kake kankaphethira ngati kakumutsinzinira. Anaiyandikira.

"Rozina, batire."

Zii.

"Iwe, ndikunena nawe. Batire."

Zii. Imamvera mwamuna yekha. Ulemu wake ndi umenewo.

Sanaganize za Randburg. Sanaganize za chilichonse. Anagwira chingwe, nachizula.

"Swaleh, chingwe chazuka. Swaleh, chingwe chazuka."

Mokweza, khonde lonse kumva. Ndodo inagogoda msangamsanga, a Swaleh n'kutulukira pakhomo, madzi akudontha kundevu.

"Mwapunthwa, mayi a Ilham?"

"Wandinenera! Sindinagone ndi tsiku limodzi lomwe, mkazi mnzanga wayamba kale kundinenera!"

"Mkazi mnzanu uti? Ndi makina awa."

"Makina amavala mpango wachikasu? Makina amadziwa malaya anu a buluu? Ngati ndi mitala, nenani. Shehe alipo, chipembedzo chimalola. Koma osandibisira m'bokosi."

"Bwezerani chingwecho."

"Ndasiya mwana. Matako atupa ndi basi, Tete, Harare, kufola padzuwa pa boda. Kuti ndidzakhale maso anu. Ndikupeza maso munagula kale, olankhula n'kulankhula komwe."

"Ndati bwezerani kaye, tikambirane."

"Iwe Swaleh, usandilamule!"

Mawuwo anagwa ngati mbale ya dothi. Najma anadzigwira pakamwa. M'khonde wina anatseka chitseko pang'onopang'ono.

A Swaleh anakhala pampando. Sanakwiye, sanaseke. Zala zawo zinayenda pamabatani, galasi lija n'kuyaka, chipinda chonse kuwala.

"Galasili ndimalithimitsa, limangodya moto. Koma lero kwabwera maso. Yang'anani pakona, m'munsi, kudzanja lamanja. Pali kabatire. Akuti chiyani?"

Najma anawerama. Tinthu tambirimbiri, tating'ono ngati nsabwe. Anafufuza, nakapeza.

"Sikisite-thuu."

"Rozina, nambala."

"Swaleh, moto wako uli pa sikisite-thuu."

"Mwafanana. Nonse mwanena zoona." Anatembenuzira nkhope komwe kunali mpweya wake. "Tsopano ndifunsenso. Rozina amaoneka bwanji?"

Kandulo inathetheka.

"Ndi wamng'ono kwa ine. Wamtali. Mano onse alipo, ndi kampata pakati." Anapuma. "Ndi chiphadzuwa."

"Ndimadziwa."

"Mumadziwa?"

"Ndimakhala pashopu paja masana. Mwamuna amalowa ndi mawu a mkango, foni yamufera. Akangomuona, mawu aja amasanduka a mwana wa sukulu. Ena amabwera ndi foni yabwinobwino. Makutu sanafe, mayi a Ilham. Chomwe sindimadziwa n'chakuti maso abwera pa basiwa azindiuza zotani."

"Ndiye mumanditchera msampha."

"Ndimafunsa. Munthu wosaona ukamunamiza za mano, mawa umunamiza za dzenje. Bokosili ndimalikonda chifukwa chimodzi. Likati theka, ndi theka."

Najma anayang'ana chingwe chili m'manja mwake. Funso linatuluka lokha.

"Nanga mwini mawuyo, mukumufuna?"

"Ndikufuna ntchito ya mawa."

Limenelo si yankho. Najma anadziwa kuti si yankho, ndipo anadziwa kuti lina sapatsidwa lero. Anagwada, napapasa pambali pa laputopu, nalowetsa chingwe.

"Swaleh, moto ukulowa."

"Tamva," anatero Najma. Anaitembenuza kuti iyang'ane kukhoma.

Kunacha ndi chisanu cha ku Joni, cholowa m'mafupa. Pomwe Rozina ankafika pakhomo, anapeza a Swaleh atavala kale. Malaya oyera, osati a buluu. Najma anali atamanga mpango wake wa pa Idi, chikwama cha laputopu kumsana ngati mwana, dzanja la amuna ake pachigongono pake.

"Hawu, nawenso ukupita, sisi? Sunatope?"

"Sitinatope."

Anatsika atatu. Masitepe a Swaleh ankawadziwa kuposa onse, moti Najma ndiye ankakokedwa. Pamsewu, mashopu anali asanatsekule. Anthu ankayenda mothamanga, manja m'matumba, utsi ukutuluka mkamwa. Rozina anaima m'mphepete, nakweza chala chimodzi m'mwamba. Minibasi yoyamba inadutsa yodzaza. Yachiwiri inaima ndi hutala.

"Two! Babili kuphela!" anakuwa dalaivala.

Malo awiri okha.

Rozina anagwira mutu wa a Swaleh kuti usagunde chitsulo, nawalowetsa. Kenako anaponda phazi pachitseko. Sanaganize n'komwe. Ndi mmene amachitira masiku onse.

Najma anapyola kunsi kwa mkono wa Rozina ngati mlamba, nakhala pampando, phewa kuphewa ndi amuna ake. Anakumbatira chikwama pamiyendo, nayang'ana kutsogolo.

Rozina anatsala phazi lili m'malere. Anamuyang'ana Najma, ndipo kwa nthawi yoyamba sanaseke. Anabweza phazi.

"Mukatsike pa Bree!" anakuwa chitseko chikutsekeka. "Mukafunse ya Randburg! Sisi, usamusiye dzanja pa renki ya minibasi, kumakhala anthu ngati nyerere!"

Minibasi inanyamuka. Najma anacheuka. Mpango wachikasu unkachepa pazenera lakumbuyo, mpaka galimoto inakhota. Apo mpamene mantha anamugwira. Nyumba zazitali mbali zonse. Misewu yofanana. Bree ndi chiyani, msika kapena mlatho?

"Rozina wakwera?" anafunsa a Swaleh.

"Ayi."

"Malo anatha?"

"Analipo amodzi. Ndamulanda."

A Swaleh anapukusa mutu. Pakona pa mlomo panagwedera pang'ono.

"Njira mukuidziwa?"

"Sindikuidziwa."

"Ndiye tili pamoto. Chabwino. Werengani zikwangwani zonse, mokweza. Mukaphonya chimodzi, munene kuti mwaphonya."

Najma anapukuta nthunzi pagalasi ndi nsonga ya mpango. Chikwangwani chinadutsa ngati mphezi.

"Chimenecho ndaphonya."

"China chikubwera."

Anatong'ola maso. Mayi wa pambali pake ankamuyang'ana, koma analibe nazo ntchito.

"Ko... Komi... Komishona."

"Eya. Tili m'njira. Pitirizani."