Mphete Pansi pa Mwala

Mlongo wanga wamng'ono timamutchula kuti Waya, chifukwa ndi wowonda komanso m'matumba mwake simusowa tizidutswa ta waya. Amakonza mafoni pakabenchi kake kumsika. Mukamupatsa foni yogwera m'madzi, aitsegula, aipukuta, ailankhulitsa. Koma iye mwini akaima pamaso pa mkazi, pakamwa pamachita ngati amata ndi ulimbo.

Chibwenzi chake ndi Nesi, namwino wa pachipatala chapafupi ndi kwathu, chinali chitakhalitsa mpaka anthu anatopa kufunsa za ukwati. Kenako Nesi anapatsidwa mwayi wosamukira kuchipatala chachikulu, kutali kwambiri, ndipo akuluakulu a kumeneko yankho lake ankalifuna Lolemba. Anabwera kusaluni kwanga kudzalukitsa tsitsi, nandiuza akundiyang'ana pagalasi.

"Achemwali, ngati mlongo wanuyo ali ndi mawu, anene. Ine ndimayeza kuthamanga kwa magazi, zamumtima sindiyeza. Akangokhala duu, ndikupita."

Nditangomaliza kumuluka ndinatseka saluni, ulendo wa kumsika, mkwiyo uli pakhosi. Waya ndinamupeza akumwetulira yekha. Anatsegula dirowa n'kutulutsa kachipangizo kachikasu, konenepa kuposa foni, kokutidwa ndi labala, kokhala ndi mabatani akuluakulu.

"Iyi ndi GPS, achemwali. Ya anthu okwera mapiri, osaka nyama ndi asodzi. Sifuna netiweki, imamva masetilaiti akumwamba. Ukadina batani ili, imasunga malo amene waimawo, ndiye tsiku lina kamuvi aka kamakubweretsa pomwepo."

"Ndiye kamuviko kakwatira Nesi?"

Anatsitsa mawu. Sabata yapitayo anali atakwera phiri la kuseri kwa tauni, n'kubisa mphete m'kachitini pansi pa mwala, n'kudina batani lija. Loweruka amupatsa Nesi kachipangizoko, Nesi atsatira kamuvi, avundukula mwala, basi nkhani yatha. Iye sadzafunika kutsegula pakamwa. Ine ntchito yanga inali kujambula ndi foni.

Ndinafuna kumukalipira, koma maso ake anali kuwala ngati a mwana amene wagulidwira nsapato. Ndinati m'mtima, mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere imufotere yekha. Ndipo ndisaname, nanenso mtima unayamba kudumpha.

Loweruka m'mawa tinaima pansi pa phiri. Waya anamuuza Nesi kuti ndi masewera osaka chinthu chobisika, n'kumukoleka kachipangizoko m'khosi. Nesi anazungulira pamalo amodzi, kamuvi n'kumazungulira naye, ndipo anakuwa ndi chimwemwe.

"Taonani achemwali, kakundilozera! Kakuti tikwere uku!"

Anatsogola ngati mbuzi yomasulidwa pachingwe. Manambala a pagalasi ankachepa tikamayenda, iye n'kumawalengeza mokweza, ife n'kumavomera. Tinadutsa m'udzu wonyowa, tinawoloka kamtsinje podumpha miyala, ine mpweya ukuperewera chifukwa ntchito yanga ndi yoimirira, si yokwera. Titalowa m'mitengo yowirira kamuvi kanasokonezeka, kakuloza uku, kakuloza uko. Waya anafotokoza kuti masamba atchinga kumwamba, ndipo anafotokoza bwino zedi, mawu akutuluka ngati madzi apampopi. Zinandipsetsa mtima. Munthu wodziwa kulongosola za masetilaiti, koma mawu awiri okha a kwa mkazi n'kumamukanika!

Titatuluka m'mitengomo kamuvi kanawongokanso. Nesi anayamba kuthamanga. Ine ndinatulutsa foni. Waya nkhope inali itanyowa thukuta.

Kachipangizo kanalira. "Tafika!" anatero Nesi, akudumphadumpha.

Tinali titafikadi. Koma malowo anali chitunda cha miyala yokhayokha, yotuwa, yofanana ngati ana a mayi mmodzi. Nesi akaponda kumanja, kamuvi kankaloza kumanzere. Akabwerera, kankatembenuka.

"Iwe Waya, mwala wake ndi uti?" ndinamunong'oneza.

"Ndinaikapo kanthambi pamwamba."

"Mvula ya dzana ija unali kuti?"

Apa m'pamene anandiululira kuti kachipangizoko kamakufikitsa pafupi chabe, pamalo aakulu ngati bwalo la nyumba. Zotsalazo ndi za maso ako. Ndikanakhala ndi chipeso m'manja ndikanamugenda nacho.

Tinayamba kuvundukula miyala. Poyamba zinali zokoma. Nesi ankaseka mwala uliwonse, akufunsa ngati chobisikacho n'chodya kapena n'chovala. Anapeza nyerere, anapeza bongololo, ine ndinapeza chinkhanira ndipo ndinakuwa mpaka phiri linandiyankha. Waya ankakwawa ndi maondo, buluku lake latsopano litasanduka lofiira ndi dothi, akulankhula yekha kuti panali kamtengo kopindika, panali kamtengo kopindika. Timitengo tonse pamenepo tinali topindika.

Dzuwa linapendeka, mitambo yakuda n'kuyamba kusonkhana kuseri kwa phiri. Kuseka kwa Nesi kunachepa. Anakhala pamwala, navula kachipangizo m'khosi, n'kukaika pambali pake.

"Waya, masewera ako ndi abwino, koma ndatopa. Tiyeni titsike mvula isanatipeze. Ndikufuna ndikayambe kulongedza katundu."

Mawu akuti kulongedza aja anandilasa. Ndinayang'ana mlongo wanga ali chogwada, manja ali tho ndi matope, akuyang'anabe pansi ngati mwala wina umuitana. Ndinamumvera chisoni, koma chisoni sichikanamuthandiza. Ndinaika foni m'thumba, ndinamuyandikira, n'kumutsina khutu monga ndinkachitira ali mwana.

"Mwalawo sulankhula lero. Lankhula ndiwe."

Nesi anali ataimirira kale, akusasa fumbi pasiketi. Waya anatsegula pakamwa, osatuluka kanthu. Anatsegulanso. Dontho loyamba la mvula linamugwera pamphumi.

"Usapite," anatero, mawu ali okhakhala.

Nesi anatembenuka. "Wati bwanji?"

"Ndati usapite! Pansi pa mwala wina pano pali mphete. Ndinaibisa chifukwa ndimaopa kuti ndikafuna kunena, mawu andithawa. Ndikufuna ukhale mkazi wanga. Ndilibe china m'manja muno, ndi matope okhaokha, koma ndikufuna ndizikudikira pageti pachipatala mpaka tidzakalambe. Ukapita, ine sindidziwa kuti ndidzatani."

Anamaliza akupuma ngati wasenza thumba la simenti. Ine misozi inali mbwembwembwe, kujambula kuja nditaiwaliratu.

Nesi anamumenya kambama kopepuka paphewa, kachiwiri, kachitatu, akulira uku akuseka.

"Munthu iwe! Kundikweza phiri lonseli, kundigwiritsa mabongololo, pamene mawu amenewa ukanandiuza pabenchi pako pomwe paja? Lolemba ndikawauza kuti apeze wina."

Waya anakuwa. Sindinamumvepo akukuwa chibadwire. Anamunyamula Nesi n'kumuzunguza, matope onse aja n'kumupaka pabulauzi, ine ndikululutira ndekha pamwamba pa phiri ngati ndine gulu.

Mvula inatsika ya mphamvu. Ndinatola kachipangizo kaja n'kuwauza kuti tithawe, zina tidzaona mawa. Nditatembenuka ndinapeza Nesi atagwada pansi, atapinda manja a bulauzi, akukankha mwala waukulu ndi manja onse awiri.

"Alamu, inu yambirani uko, ife tiyambira kuno," anandiuza, madzi akuyenderera kumaso. "Mphete yangayo sindiisiyira anyani."